Tsiku limene ndinadumpha dzina la Marita

Amayi, kodi mwaswera bwanji kumeneko? Kuno tilipo. Masiku ano munthu akanena kuti tilipo ndiye kuti wanena nkhani yaikulu, choncho musaone ngati ndakupatsani moni waulesi.

Ndakhala pakhonde la nyumba yanu, dzuwa lapendeka, ndipo ndang'amba mapepala m'kaderno langa lakale, buku lolembamo lija, kuti ndikulembereni. Ndikudziwa kuti kalata simunkawerenga nokha. Munkaitana ine, n'kukhala pamphasa mutatambalala, ndipo ndikafika pakati munkandidula: “Bwereza pamenepo, ukuthamanga ngati wagwetsa mng'oma wa njuchi.” Sindikudziwa amene akuwerengereni kumeneko. Ngati ndi atate, muwauze asathamange.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Felisita anachira nthawi ya dowe. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Tsopano pamudzi pano pali Anastaziya wina, wamng'ono ngati dzungu, ndipo tonse timamuitana kuti amayi. Felisita akuti mwamutchera msampha, chifukwa mwanayo akadzakula n'kumaswa mbale, iye adzayamba bwanji kukalipira amake? Ali ndi chipumi chanu chenicheni, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope monga munkachitira polawa ndiwo zosakolera. Padiri sanafike kuno chiyambire mvula ya chaka chatha, msewu suyendeka, choncho anamubatiza ndi a katekisita pansi pa mkuyu wa kukapela. Sanalire. Anangowayang'ana ngati akuwayesa ngati mawu akuwadziwa bwino.

Za mchere musafunse. Tabwerera ku chidulo cha makolo, ndipo lilime lazolowera, ngakhale mtima sunazolowere. Sopo timangomukumbuka ngati m'bale amene anapita kumigodi osalemba kalata.

Munda wanu wa kudambo wabereka bwino, kuposa chaka chimene munatisiya. Koma nkhokwe sitimanganso pabwalo, chifukwa nkhokwe yodzadza imaitana alendo oipa. Timakumba maenje kuthengo, kuyalamo udzu ndi phulusa, n'kukwirira chimanga ngati tikuchibzalanso. Dzenje limodzi chiswe chinalowamo n'kutidyera theka. Ndinakumbuka mawu anu aja akuti, “Chobisa chimadyedwa ndi amene sunamuganizire.” Mtsuko wanu waukulu wa madzi, uja munkakana kuti ana aukhudze, unasweka. Sanauswe ndi ana, inauswa ndi mbuzi. Mbuziyo tinaidya pa Pasaka, ndiye mlandu unatha. Njinga yanga ndinaimasula, mawilo ndinabisa padenga la khola, thupi lake ndinakwirira kuseri kwa nthochi. Ku Mualadzi timapita wapansi, ndiponso podutsa m'tinjira ta m'minda.

Koma chimene ndakulemberani ndi china. Ndinalakwa, amayi, ndipo ndikufuna mumve kwa ine musanamve kwa anthu amene akubwera kumeneko, pakuti masiku ano akubwera ambiri.

Inu mukudziwa kuti uphunzitsi sindinausankhe ine. Ndinkafuna kukhala kalipentala. Ndinkakonda fungo la thabwa la mlombwa likamapalidwa, ndiponso kuti munthu ukagwira ntchito tsiku lonse, madzulo umaona mpando utaima ndi miyendo yake inayi. Munandikoka ndinu kupita nane kumishoni, mtolo wanga wa zovala uli pamutu panu, ine ndikulira m'mbuyo. Ndinati mtima wanga suli kumeneko. Munayankha osatembenuka: “Khasu silifunsa ngati uli ndi mtima. Lima, mtima ukupeza m'munda.” Ndalima zaka zoposa makumi awiri, amayi, ndipo ndikuululireni lero kuti mtimawo unachedwa kwambiri panjira. Ndinkalowa m'sikola m'mawa, kuchita shamada, ndiko kuitana maina a ana m'buku, kulemba pabolodi ndi jizi, kuwaimbitsa Chiputukizi chimene kunyumba kwawo palibe amachiyankhula, n'kutuluka. Mwana ukamuphunzitsa lero, madzulo suona chilichonse chitaima. Ena amakwatiwa, ena amapita kukaweta ng'ombe, ndipo ukakumana nawo patapita zaka amakuvulira chipewa koma dzina lawo sangalilembe. Ndinkaona ngati ndikufesa pathanthwe. Sindinakuuzeni chifukwa munkanyada nane. Mukamadutsa pasikola mutasenza nkhuni munkachepetsa liwiro kuti anzanu amve mawu a mwana wanu.

Ndiye nkhondo inafika kuno kwathu. Inu munapita isanawoloke mapiri, ndipo nthawi zina ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Anthu a mfuti a m'thengo akafika pamudzi amayamba afunsa mphunzitsi ndi namwino. Mnzanga wina wa sikola ya kutsidya anavala nsanza n'kunyamula khasu ngati wina aliyense, koma anamupeza ndi kachidutswa ka jizi m'thumba. Sindilemba zimene zinatsatira. Mwina mwakumana naye kale. A diretori athu, mkulu wa sikola, mlendo uja wochokera kunyanja ya mchere amene munkamupatsa maungu, anapita ku Chifunde kukapereka mapepala ndipo sanabwerenso. Sindikuwaimba mlandu. Ndinatsala ndekha ndi makalasi onse. Ndinayamba kulima kwambiri kuti m'manja mwanga mumere zikang'a, ndipo ndikamaliza kuphunzitsa ndimapaka dothi m'zala kuti kuyera kwa jizi kusaoneke.

Nthawi yokolola, anthu a mfutiwo anadutsa masana m'minda ya kumunsi. Anatenga chimanga, natenganso anthu oti awasenzere. Ena anabwerera patapita masiku atatupa mapazi. Marita sanabwerere. Mumukumbuka, mwana wa a Nambewe, amasiye aja a nyumba ya pafupi ndi chitsime, kamtsikana kakatali kamene kankakubweretserani masuku m'chipewa cha udzu. Anali m'kalasi lachinayi. Palibe amene anamuona wakufa, palibe amene anamuona wamoyo. Panapita miyezi inayi.

M'miyezi imeneyo mudzi unayamba kuchepa. Mabanja ankanyamuka kulowera ku Zambia, ena mwakachetechete osatsazika. Mlamu wanga Domingo anawoloka, napeza malo, natumiza uthenga kuti tibwere. Mkazi wanga Rozalina anayamba kusinja ufa wa paulendo. Ine sindinakane. Ndinati ku Zambia kulinso mitengo, ndikapala matabwa, potsiriza ndikhale chimene ndinkafuna. Ndikuuzeni zoona, mantha analipo, koma pansi pa manthawo panali kachimwemwe ka munthu amene wapeza chifukwa chabwino chosiyira ntchito imene sankaikonda.

Koma inu munandilera kuti munthu sasiya munda uli ndi udzu, ngakhale akusamuka. Ndinati buku la shamada ndilikonze bwino, ndilipereke kwa wina wopita ku Chifunde, kuti asadzanene kuti Inasiyo anathawa atasiya zinthu zili mbwee. Kutsogolo kwa bukulo kuli lamulo losindikizidwa: mwana akajomba masiku ochuluka motsatizana, dzina lake lidulidwe mzere. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita zimenezo kwa okwatiwa ndi oweta ng'ombe, osaganiza kawiri. Tsiku Lamulungu masana ndinakhala pansi ndi lapisi yofiira, n'kudula onse amene anapitirira muyeso. Ambiri anali amene anasamuka ndi makolo awo. Marita ndinamudulanso.  Ndinali kuganiza za macheka ndi misomali.

Pali chinthu chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku koma osachiona. Khoma la sikola yathu limalekera m'chifuwa, pamwamba ndi mitengo yokha, ndiye mawu amatuluka. M'mawa uliwonse a Nambewe ankabwera kuseri kwa khomalo ndi lichero, kumathyola chisoso. Ndinkangoti mayi akufuna ndiwo. Sindinadzifunse kuti kachigawo kakang'ono kotero kangabereke bwanji chisoso miyezi inayi, mpaka m'chilimwe.

M'buku maina amatsatana monga mwa zilembo, ndipo ine sindinkaitana manambala monga ena amachitira, ndinkaitana maina. Manuwele, Marita, Mateyu. Mwana akakhalapo amati, “Prezente.” Akapanda kukhalapo anzake amayankha onse pamodzi, “Sanabwere.” Lolemba lija ndinati, “Manuwele.” “Prezente.” Diso linafika pamzere wofiira, linadumpha. “Mateyu.”

Mateyu sanayankhe n'komwe. Kuseri kwa khoma kunabuka mfuu imene sindidzaiwala. Anawa ndinawaphunzitsa kuti akamva kukuwa asadikire mawu anga, aliyense athawire kwake kuthengo. Anatuluka ngati mbalame, ena pakhomo, ena kulumpha khoma. Nanenso ndinaponya buku pansi pa tsekera n'kuthamangira kumtsinje. Ndinagona m'bango nthawi ndithu, kudikira kulira kwa mfuti. Mfuti sizinalire. Chimene chinamveka ndi mawu a amayi ambiri akulandizana, ndipo ndinazindikira kuti si nkhondo, ndi maliro.

Ndinasamba matope, ndinapita kunyumba kukavala malaya abwino, n'kutsata kulira. Kunali kwa a Nambewe. Anthu anali atataya makasu m'madimba, amayi atadzadza m'nyumba ndi pakhonde, amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, a katekisita akutsegula buku la nyimbo. Ndinavula chipewa n'kukhala pakati pa amuna. Mtima unandiwawa: ndiye kuti Marita wapezeka. Ndinaweramira mkulu amene ndinayandikana naye n'kufunsa motsitsa mawu kuti uthengawu wabwera ndi ndani. Anandiyang'ana ngati ndaledzera. “Si inu nomwe, a Profesoro?”

Ndisanamvetse, a Jeremiya, mlongo wawo wa a Nambewe, mwini mbumba, anandikodola. Tinapita kuseri kwa khola.

“Mwachita bwino kubwera nokha,” anatero. “Tinati tikutumireni anthu. Tiuzeni pang'onopang'ono. Mwanayu wafera kuti? Kalata ikuti chiyani?”

“Kalata iti, a Jeremiya?”

“Imene yakufikani. Inu ndi anthu a boma, mapepala amafikira kwa inu. Ife tikudziwa kuti nkhani yotere munthu sungaiponye pamaso pa mayi ngati mwala. Mwaibweretsa mwaulemu, mwangosiya kumutchula. Tamva. Tsopano tiuzeni ife amuna.”

 Ndinati kalata palibe, sindikudziwa chilichonse choposa chimene iwo akudziwa.

“Nanga mwamudumphiranji?”

Ndinayamba kufotokoza za lamulo, za masiku ojomba, za mzere wofiira. Ndikuyankhula, ndinkamva ndekha kuti mawu anga ndi mankhusu. A Jeremiya anandisiya ndimalize.

“Bukulo lauona mtembo?”

“Ayi.”

“Inuyo mwauona?”

“Ayi.”

“Ndiye mwatiliritsa mwana wamoyo chifukwa sanabwere kudzaimba a, e, i, o, u? Sikola yonse ija munaphunzira kumishoni, nzeru yake ndi imeneyi?”

 Amayi, inu mukudziwa kulemera kwake. Kulira munthu amene sanafe ndi kumutsekera njira yobwerera kwawo. Ena anali atayamba kale kukambirana zoika nsalu yake m'manda m'malo mwa thupi, ndipo pakanangopita tsiku limodzi, lumo likanadutsa pamitu ya abale. Zimenezo zikachitika sizibwezedwa.

A Jeremiya anaima pakati pa bwalo n'kukweza manja. “Tontholani! Tontholani, amayi! Maliro palibe. A Profesoro analakwitsa kuwerenga.” Kulira kwa anthu ambiri sikuima nthawi imodzi, kunazima pang'onopang'ono ngati moto wa lupsa ukafika pamsewu.  Amene anayamba kuyankhula ndi a Nangondo, anzanu aja a kwaya, ataima pakhomo la khitchini ndi nthenga m'manja: “Nanga tambala ndapha kaleyu, amudzutsanso ndi a Profesoro?” Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. A Nambewe okha sanaseke. Anatuluka m'nyumba atagwiriziza nsalu pachifuwa, mawu atasasa, n'kundiyang'ana. Sanatukwane. Kukanakhala bwino akanatukwana.

Akuluakulu anagamula msanga: amene wamugoneka ndi pakamwa amudzutse ndi pakamwa. Ndinapita kukatola buku pansi pa tsekera, ana anaitanidwa kuchokera m'tchire, nakhala m'mizere pabwalo la maliro lomwelo, ndipo ndinachita shamada pamaso pa mudzi wonse, kuyambira dzina loyamba. Nditafika pamzere wofiira ndinakweza mawu: “Marita.” Ana anayankha, “Sanabwere.” A Nambewe anatseka maso n'kugwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamwa madzi. Tambala uja tinamudya tonse, ndipo a Nangondo anandipatsa khosi, akuti kuti mawu anga asadzadumphenso.

Lapisi yofiira sifufutika. M'mawa mwake ndinakhala pansi pa mtengo wa kusikola ndi kaderno latsopano, lomaliza limene ndinali nalo, kukopera maina onse kuyambira pachiyambi, odulidwa ndi osadulidwa omwe. A Nambewe anabwera, koma ulendo uno opanda lichero. Anagwada chapatali monga mwa ulemu, ndinawapempha asendere. Anati ndiwaonetse pamene pali mwana wawo. Ndinawalozera. Anaika chala pamenepo nthawi yaitali.

“Ndi ameneyu?”

“Ndi ameneyo.”

“Wafupika bwanji, mwana wamtali uja.”

Kenaka anayankhula, maso ali pabuku. Anati kukapela a katekisita amatchula maina a mitundu iwiri, odwala ndi omwalira. Anayesa kupereka dzina la Marita, koma anafunsidwa kuti alowe mbali iti, ndipo iwo anabwerera nalo. Pamudzi anthu anasiya kumutchula, powopa kuwaliritsa. Akamadutsa amangoti pepani. Kunyumba akamutchula okha amaoneka ngati amisala. “Malo amene mwana wanga amatchulidwa pamodzi ndi amoyo ndi pano pokha, a Profesoro. Inu mumati Marita, anzake amati sanabwere. Munthu amene sanabwere ndiye kuti akudikiridwa. Ndikamva zimenezo ndimapita kukalima.”

Ndinangoti pepani, amayi, pepani.

“Ndamva kuti mukupita,” anatero. Pamudzi palibe chinsinsi, mtondo wa Rozalina unali utalengeza kale. “Sindikuletsani. Muli ndi ana anu, ndipo anthu aja akadzabwera adzayamba ndi inu. Koma bukuli mundisiyire.”

Ndinati, “Simudziwa kuwerenga, mudzachita nalo chiyani?”

“Ndizilitsegula basi.”

Amayi, pamenepo m'pamene ndinakumvani inu. Kumbukirani chaka chija achimwene Bernado anasowa kumigodi, zaka zitatu opanda uthenga. Munkawatchula popemphera, munkawatchula pogawa mbewu, munkawatchula ngakhale pokalipira nkhuku. Atate atatopa nazo munawauza kuti, “Dzina ndi chingwe. Ukalitchula, mwini wake amamva kukoka, kaya ali kuti.” Ine ndinali mwana, ndinkaseka. Ndipo taonani, zaka makumi awiri ndakhala nditagwira zingwe za ana a mudzi wonse m'dzanja limodzi, m'mawa uliwonse ndikuzikoka chimodzichimodzi, ine n'kumaganiza kuti imeneyo ndi ntchito yongoyambira, yoti ithe msanga tiyambe masamu. Ndinkadandaula kuti palibe chimene chimaima madzulo. Koma mayi uyu ankaima tsiku lililonse, n'kupita kumunda, chifukwa cha mawu amodzi otuluka pakamwa panga. Mpando uti umene ndikanapala ukanamunyamula chotero?

Sindikunena kuti Chiputukizi ndi masamu zilibe ntchito. Ndaona kuti chiyambire tsiku limenelo ndimaziphunzitsa mosiyana. Ndikayang'ana mwana ndimaganiza kuti mwina mawa adzakhala kutali, pakati pa anthu osamudziwa, ndipo chimene ndamuika m'mutu lero ndi katundu yekhayo amene palibe angamulande panjira. Ndimayamba ndi dzina lake, la amake, ndi la mudzi wake. Aliyense azitha kulemba zitatuzo, ngakhale ndi chala padothi, kuti kumene angagwere athe kutumiza mawu kwawo.

Kuuza Rozalina kuti ine nditsala kunali kovuta kuposa kuima pabwalo la maliro. Ndinamupeza akupeta. Sanasiye kupeta.

“A Phiri, mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha kaderno?”

Ndinati si kaderno.

“Ndi chiyani nanga? Zaka zonsezi mumabwera kunyumba mukung'ung'udza kuti ana a eni ndi miyala. Lero miyala ija yasanduka abale anu? Nanga anu atatuwa adzawatchula ndani?”

 Ndinangoti anga ali ndi mayi, ali ndi malume awo, ndipo ndikudziwa kumene akupita. Anandiyang'ana, n'kunena kuti nkhani imeneyi mukanakhalapo inu mukanandithira madzi ozizira. Mwina n'zoona. Mundiuze nokha.

Tinagwirizana kuti ndiwaperekeze mpaka kumalire. Kaderno sindinawasiyire a Nambewe, poopa kuti anthu a mfuti angawapeze nalo; ndinaliika m'chitini n'kulikwirira pansi pa mtengo wa kusikola. Sindinauze munthu wina aliyense ngati ndibwerera, chifukwa ine mwini sindinkadzikhulupirira. Tinayenda masiku atatu m'njira za m'thengo, kupewa msewu waukulu, wamng'ono ali paphewa panga. Tinatulukira chakumadzulo kwa Cassacatiza, pakamtsinje kouma pamene Domingo ankatidikira. Kutsidya kunkamveka chigayo, amayi. Chigayo chenicheni, chikulira masana poyera popanda woopa. Ndinaima pamchenga ndipo mtima wonse unati woloka. Ana anali atandigwira malaya. Rozalina sanandichonderere. Anamasula thumba la ufa, anapungulira theka m'nsalu yake yakale, namanga, nandiika m'manja. “Tengani. Ouma mutu nawonso amadya.” Atatero anatembenuka msanga kuti ndisaone nkhope yake. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'mitengo.

Ulendo wobwerera unanditengera masiku anayi, chifukwa phazi linatupa, ndiponso kawiri ndinakhala pansi n'kuganiza zobwerera kumene ndachokera. Ndinafika m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Sindinapite kunyumba. Ndinati ndidutse kusikola ndione ngati chitini chili pamalo pake, poganiza kuti ndikapeza mbuzi zokha.

Ndili patali ndinamva mawu. Ndinabisala kuseri kwa khoma, pamalo pomwe paja pa chisoso. Ana anali atakhala pamitengo yawo, ochepa, mwina theka. Kutsogolo kunaima a Nambewe, m'manja mulibe kanthu. Ankaitana maina pamtima, kuyambira loyamba, motsatana bwinobwino osaphonya ngakhale limodzi. Miyezi yonse ija kuseri kwa khoma anali atawameza onse. Ana ankayankha. Prezente. Sanabwere. Prezente. Anafika pa mwana wawo, anamutchula ndi mawu osagwedera, ana anayankha, iwo anapitirira. Atatha dzina lomaliza ndinayesa kuti amaliza. Koma anapuma pang'ono n'kunena kuti, “A Profesoro Inasiyo.”

Ana onse pamodzi, mozolowera, monga anthu amene achita zimenezi sabata yathunthu: “Sanabwere.”

Ndinafuna kuyankha Chiputukizi monga ndimawaphunzitsira. Koma chimene chinatuluka ndi cha kwathu. Ndinadzutsa mutu pamwamba pa khoma n'kunena kuti, “Ndabwera.”

Ana anakuwa, ena anayamba kuthawa poyesa kuti ndi nkhondo. A Nambewe sanadabwe n'komwe. Anangoti, “Mwachedwa, a Profesoro. Ife masamu sitiwadziwa.” Anatuluka n'kupita kumunda.

Ndi mmene zilili, amayi. Sikola taisamutsira kumitengo ya kumtsinje, bolodi timalibisa m'phanga tikaweruka. Ndimadya kwa Felisita. Uthenga unabwera kuti Rozalina ndi ana anafika bwino, ndipo wamkulu wayamba kale kunyada ndi Chingerezi. Za Marita sitinamve kanthu. Mantha sanathe; galu akauwa masana ndimayang'ana njira ya kubango. Koma m'mawa ndikadzuka ndimadziwa chimene ndadzukira, ndipo zimenezi ndi zachilendo kwa ine pa msinkhu uno.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Muyang'ane bwino pakati pa amene akufika kumeneko. Ngati Marita ali nanu, mumusunge, ndipo mupeze njira yotiuzira mofatsa, kuti amake alire kamodzi kokha, kulira koyenera. Ngati simukumuona, musavutike kutiuza. Ife tizimuitana.

Moni kwa atate. Ndimakukondani, amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Ndikulonjezani kuti malinga ndili ndi mpweya ndi ana oti ayankhe, sindidzadulanso dzina la mwana wa munthu ndisanaime pamanda ake.

Ine mwana wanu,
Inasiyo